Awombereni M'manja a Lifo

Mwa akuluakulu onse oyenda mumsewu wa N13, kuchokera ku Cuamba kudzera pa Mandimba mpaka ku Massangulo m'boma la Ngauma, palibe woyenera kumuvulira chipewa kuposa a Lifo. Pamaso pa munthu wosadziwa, iwowa ndi kanjinga kamoto chabe kochokera ku China, kamatayala owonda, koti anyamata awiri angathe kukanyamula n'kukaponya pamwamba pa lole. Komatu fodya akagulitsidwa, mlimi wa ku Mandimba n'kulandira ndalama zake, malata amayamba adikira, ngongole ya feteleza nayo imadikira. Woyamba kulowa pakhomo ndi a Lifo, mapulasitiki akadali pampando.

Khalidwe lawo lalikulu ndi kudzichepetsa. Malamulo a pamsewu a ku Mozambique, omwe adakhazikitsidwa mu 2011, amagawa njinga zamoto pawiri. Ya injini yosapitirira 50cc, yopangidwa kuti isathamange kuposa makilomita 45 pa ola, imatengedwa ngati mwana: imalembetsedwa kukhonsolo. Yoposa apo imafuna nambala ya ku INATRO, bungwe loyang'anira zamtengatenga wa pamsewu, ndipo woiyendetsa ayenera kukhoza mayeso n'kutenga laisensi. A Lifo atamva zimenezi adasankha kudzitcha 49. Osati 50 ayi, kuopa kuti anthu angati akudzikweza.

Chonsecho mtundu wawo ndi wachifumu. Injini yawo yogona chafufumimba pansi pa thanki idatengera ya Honda Super Cub, njinga imene idatuluka ku Japan mu 1958 ndipo pofika 2017 inali itapangidwa yokwana 100 miliyoni. Mafakitale a ku China adaikopera mwakhama, moti zipangizo za injini zamtunduwu zimalowana mosavuta. Apa ndi pamene pagona mwayi wa makaniko wa kuseri kwa msika, amene garaja yake ndi thumba loyala pansi, sipanala zitatu ndi beseni la petulo lotsukiramo mabawuti. Amamasula manati anayi a pamutu pa injini, n'kusolola silinda. Pisitoni ya mamilimita 39 amaiika pambali, n'kulowetsa ya 47 pamodzi ndi silinda yake, ndipo dzuwa lisanapendeke 49 uja wasanduka 72. Kenaka amachotsa sipuloketi yakutsogolo ya mano 14 n'kuikapo ya 15, kuti tayala lizizungulira kwambiri pamtunda wosalala. Mwini njinga akakhala ndi ina yotsala m'thumba, amatsegulanso ekizozi n'kuzulamo kachitsulo kochepetsa phokoso. Liwiro lowonjezereka ndi kachitsuloko n'lochepa, koma mudzi wonse umadziwa kuti mwana wa uje wabwera.

Pa chikalata cha njinga, 49 uja amakhalabe 49. Munthu wina akalemera amasintha mayendedwe ndi anzake omwe. A Lifo amakula mkati mokha, osauza boma.

Mabuleki makaniko sawakhudza. Ndi omwe aja a dilamu, okokedwa ndi kawaya kutsogolo ndi kandodo kachitsulo kumbuyo, opangidwira munthu mmodzi wopita kumsika mosafulumira. Lero akuyembekezeka kuimitsa bambo, mayi, mwana wapakati, wina kumsana, thumba la chimanga ndi mbuzi yomangidwa miyendo. Kukhulupirira chida chako kotereku sikupezeka ngakhale kutchalitchi.

Kale matope ndiwo ankagwira ntchito ya apolisi. M'dzinja msewu wa Cuamba mpaka Lichinga, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, unkameza malole kwa masiku, ndipo wothamanga aliyense ankalangidwa ndi dzenje loyamba. Phula lidatha kuikidwa mu 2021, ndi ndalama zochokera ku African Development Bank komanso dziko la Japan. Akuluakulu adalankhula zambiri za malonda ndi doko la Nacala, koma amene adalandira mphatsoyi ndi manja awiri ndi a Lifo, omwe tsopano adapeza poonetsera zomwe makaniko adawachita.

Nkhani yowavomerezetsa pamsewu nayo ili ndi luso lake. Lamulo limafuna nyali, maindiketa, magalasi oonera kumbuyo, hutala ndi chipewa choteteza mutu. Magalasi amachoka sabata yoyamba, ati amalepheretsa kudutsa mopanikizana, ndiponso zakumbuyo n'zakale. Indiketa imalendewera pawaya wake mpaka tsiku limene idzagwe yokha. Hutala yekha ndiye amakonzedwa tsiku lomwelo akafa. Chipewa chilipo ndithu, chimayenda chokolekedwa pachigongono kapena pahandulo, ndipo chimakwera kumutu woyendetsa akangoona yunifomu yoyera ya apolisi apamsewu patsogolo. Akadutsa, chimatsika kukapuma.

Malire nawo sawadetsa nkhawa. Pakati pa Mandimba ndi Chiponde pali chipata, zidindo ndi mafomu, koma palinso tinjira ta m'minda tomwe anthu a mbali ziwirizi, ambiri a iwo pachibale, akhala akuyendamo kuyambira kale. Njinga yolowa m'Malawi imayenera kulipira msonkho ku MRA, kulembetsedwa ku Road Traffic ndi kudulidwa inshuwalansi. A Lifo ambiri ogwira kabaza ku Namwera ndi ku Mangochi sadafune kuvutitsa maofesi onsewa. Kumbuyo kwawo, pamalo pa nambala, pamakhala mawu olimbikitsa kapena dzina la timu ya mpira.

Wonyoza ayambe wafunsa kuti ndani wina amafika kumene iwo amafika. Sitima ya Cuamba–Lichinga idayambiranso kuyenda mu 2016, koma siichoka panjanji kuti ikatenge mayi amene matenda amuyamba pakati pa usiku kumudzi wa kuseri kwa phiri ku Ngauma. Minibasi imadikira kudzaza. Nsomba za ku nyanja ya Amaramba zimafika pamsika zisanawole chifukwa cha matayala owonda omwewa, ndipo chakudya cha a Lifo ndi botolo limodzi la petulo logulidwa pathebulo m'mbali mwa msewu. Mphunzitsi, mlangizi wa thonje, mlaliki ndi wakuba nkhuku, onse amanyamulidwa mosakondera.

Ndipo ntchito amapatsa anthu ambiri: makaniko, womata matayala, wowotcherera zitsulo, wogulitsa petulo. Amapatsanso madokotala a mafupa, kuyambira pachipatala cha Cuamba mpaka ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo cha ku Lilongwe, kumene ovulala pa njinga za kabaza sasowa m'mawodi. Mbali imeneyi ya ufulu wawo a Lifo sakonda kuitchula, mwa kudzichepetsa komwe kuja.

Choncho inu amene mukwere mawa pa Mandimba, mtengo mukambirane monga mwa nthawi zonse, koma mupempheko chipewa chili pachigongonocho, ndipo muyambe mwaona ngati buleki yakumbuyo ikugwira. Njinga imene ikuthamanga makilomita 80 pa ola imafuna mtunda woposa katatu kuti iime buleki ikagwidwa, poyerekeza ndi imene ikuyenda 45, ngakhale mabuleki ake atakhala atsopano.