Mzungu Wake Akunyamuka Mawa

M'tauni muno mwagwa matenda atsopano, ndipo a zaumoyo sanawalengezebe pa wailesi. Munthu amene wakhala zaka osaponda kumudzi, uja amayankha uthenga wa maliro ndi mawu oti "ndatumiza kangachepe pa foni", mwadzidzidzi akugula shuga, sopo ndi buledi n'kukwera basi Loweruka m'mamawa. Akuti wawasowa agogo. Akafika sakhazikika pamkeka. Moni akupereka maso ali kudenga kumene kumapachikidwa zikwama zakale, ndipo nkhuku isanagwidwe n'komwe funso latuluka kale: "Agogo, kachitini kaja munkasungamo mabatani ndi singano kali kuti?"

Akufuna khobidi loboola.

Kwa inu amene munabadwa kwacha itayamba kale kugwa, khobidi limeneli ndi la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Ndi lofiirira, lili ndi chiboo pakati, ndipo mbali imodzi kuli njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Mng'ono wake, hafupeni, ali ndi akadyamsonga. Mu 1959 makolo athu anatsekeredwa ku Kanjedza, Kamuzu ku Gweru, chifukwa chokana chitaganya chimenechi. Lero zidzukulu zawo zikugudubuza mabedi ndi kung'amba mapilo kufunafuna zotsalira zake.

Mtengo wa khobidili umakula ndi mtunda. Ku Bangwe amati ndi K5 miliyoni. Nkhaniyo ikakwera minibasi n'kutsika pa Limbe yafika K20 miliyoni, ndipo ikamalowa mu Ndirande anthu asiya kutchula makwacha, akuyankhula za madola. Pokambirana zimenezi mawu amatsitsidwa. Amuna awiri amene dzulo lomweli amakuwa pa nkhani ya mpira mpaka kudzutsa makanda, lero akunong'onezana kuseri kwa shopu yometera, wina akutulutsa kampango m'sokosi, winayo akuyang'ana uku ndi uku. Sanena kuti khobidi. Amati "katundu uja".

Ogulitsa alipo ambiri, madobadoba ndiye osawerengeka. Amene sanaonekepo ndi wogula. A neba athu, mwachitsanzo, ali ndi makobidi atatu. Iwo wogula samudziwa, koma alamu awo amadziwa mnyamata wina wa kabaza, amene amanyamula mlonda wa pa hotela ina ku Lilongwe, ndipo mlondayo ndi amene anamuona mzunguyo ndi maso ake akutsika galimoto ndi chikwama chakuda. Mzungu ameneyu sabata ino ndi wa ku Germany, sabata yamawa ndi Mwarabu wa ku Dubai, nthawi zina amasanduka Mtchaina, koma khalidwe lake silisintha: nthawi zonse akunyamuka mawa. N'chifukwa chake zonse ziyenera kuchitika lero, ndipo ya thiransipoti ya dobadoba iyenera kutuluka panopa. Aliyense wa mumzerewu anadziikira kale gawo lake. Titawerengera pa bawo tsiku lina tinapeza kuti magawo onse akachotsedwa, a neba atsala ndi ngongole kwa wa kabaza.

Mlimi wa fodya amadandaula chaka ndi chaka za mitengo ya ku okushoni, koma iye wogula amamuona akuyenda pakati pa mabelo, ndipo akafuna akhoza kumuloza chala.

Mzunguyu alinso ndi chizolowezi china. Amafuna chaka chimene inu mulibe. Mukabwera ndi la 1957, akufuna la 1955. Mukakapeza la 1955 kwa azakhali a ku Mulanje, zapezeka kuti akufuna awiri ofanana, lalimuna ndi lalikazi.

Katundu asanapite ku hotela amayenera kuyezedwa, ndipo woyeza wake alipo, bambo wa jekete ngakhale mu Okutobala. Zida zake ndi kagalasi kokulitsira zinthu, lezala ndi maginito amene anagwetsa mu sipika ya wailesi yakufa. Kuyeza kumalipiridwa, ndipo ndalama yake imaperekedwa asanatsegule chikwama. Khobidi likamatirira ku maginito, ndiye kuti ndi labodza. Likapanda kumatirira, bamboyo amapukusa mutu mwachisoni.

"Bigi, mumalisunga pati?"

"M'kabati, pafupi ndi TV."

"Basi. Mphamvu yonse inakokedwa. Mukanabwera chaka chatha."

Khobidi la chitaganya ndi la mkuwa, ndipo mkuwa sumatirira ku maginito, kaya musunge pafupi ndi TV kaya pansi pa mtondo. Bambo wa jeketeyu ndi yemwe uja zaka zapitazo ankayeza simbi zamakala zokhala ndi tambala pachotsekera, zija ankati m'kati mwake muli mankhwala ofiira a mamiliyoni. Mabanja ena mpaka lero amasita kwa oyandikana nawo.

Kunyumba kwa a neba zinthu zinasintha ndalama isanafike. Bambo anayamba kuyankha moni ndi mutu wokha. Landilodi atabwera pa 5 anauzidwa kuti adekhe, chifukwa n'kutheka kuti mwezi wamawa iyeyo ndi amene adzakhale wa lendi. Pa golosale ngongole inatsegulidwa pa dzina la katundu uja, ndipo pamene ngongoleyo inakana kukula, anapita kwa wakatapila kukatenga ya thiransipoti ya dobadoba, ya woyeza, ndi ya satifiketi imene akuti imachokera ku Pretoria. Mayi a kunyumba, pofuna kuthandiza, anatenga makobidi atatu aja bambo ali ku ntchito n'kuwakwecha ndi phulusa, mandimu ndi sitiliwulu mpaka anawala. Anati mzungu sangagule chinthu chakuda chotero, angatiyese auve.

Apa m'pamene aphunzitsi opuma a mumzere mwathu anagwira kumutu. Iwowa amawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira chipisi. Anafotokoza pa bawo kuti anthu osonkhanitsa ndalama zakale alipodi, ndipo okushoni zake zimachitikadi ku London ndi ku New York, koma chinthu choyamba chimene anthuwa amadana nacho ndi ndalama yokwechedwa. Amaiyang'ana ndi galasi n'kuipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 70, ndipo 70 imapita kwa imene ilibe ngakhale kachipsera. Dzimbiri la zaka amalikonda. Sitiliwulu ya mayi aja inachotsa ngakhale kangachepe kamene kanalipo.

"Ndiye kuti ogula alipo?" anafunsa a neba, amene pa zonsezo anangomvapo mawu amenewo.

Aphunzitsi anati alipo, n'kuyamba nkhani ya ndalama yagolide ya ku America yotchedwa Double Eagle, ya chaka cha 1933, yolembedwa madola 20. Boma linasula zokwana 445,500, koma zisanatuluke Pulezidenti Roosevelt analetsa anthu kusunga golide, ndipo zinasungunulidwa. Ziwiri zinapita kosungira zinthu zakale, zina zochepa zinatuluka mozemba, ndipo apolisi achinsinsi anakhala akuzisaka zaka zambiri. Imodzi inagulidwa ndi Mfumu Farouk ya ku Egypt mu 1944, ndipo chifukwa cha kusayang'anitsitsa kwa akuluakulu a boma inatuluka m'dzikomo ndi chilolezo. Farouk atachotsedwa pampando mu 1952 ndalamayo inasowa, n'kudzatulukira mu 1996 m'manja mwa wamalonda wa ku Britain, amene anamangidwa nayo mu hotela ku New York. Mlandu utatha inagulitsidwa mu 2002 pa madola 7.59 miliyoni, ndipo wogulayo anauzidwa kuti awonjezere madola 20 kuti boma liivomereze kukhala ndalama. Mu June 2021 kampani ya Sotheby's inaigulitsanso pa madola 18.9 miliyoni. Ndi yokhayo mwa zinzake zonse imene munthu wamba amaloledwa kukhala nayo.

Pa bawo panali zii. Mnyamata wina anatulutsa foni n'kuyamba kusintha madolawo pa reti ya kuseri, mpaka foniyo inasiya manambala n'kuyamba kulemba zilembo.

"Mwati 1933?" anatero a neba. "Langa ndi la 1957. Kusiyana kwake ndi zaka 24 zokha. Ngakhale atachotsapo hafu, ine ndilibe mawu."

Aphunzitsi anayesetsa. Anati mtengo subwera ndi ukalamba, umabwera ndi kusowa. Ndalama zamkuwa za Aroma, za zaka zoposa 1,600, zimagulidwa ndi madola ochepa chifukwa alimi a ku Ulaya amazifukula m'minda ndi miphika yomwe. Khobidi la ku Britain la 1933 ndi lodula chifukwa chaka chimenecho boma linali ndi makobidi okwanira, ndiye linangosula pafupifupi asanu ndi awiri, ena n'kuwakwirira pansi pa maziko a nyumba zatsopano. Mu 1970 akuba anakumba maziko a tchalitchi china ku Leeds kuti abe limodzi. Koma makobidi a chitaganya anasulidwa mamiliyoni, a mayiko atatu, ndipo pa intaneti loyendayenda ngati la a neba limagulitsidwa dola imodzi kapena awiri. Chinanso, ndalama ya Farouk ili ndi mapepala osonyeza mbiri yake. La a neba umboni wake ndi kachitini ka mabatani.

Atachoka aphunzitsi, bwalo linagamula mlandu mosavuta: ndi nsanje. Munthu wa penshoni sangakondwe kuona mnzake akutukuka. Mmodzi yekha ndi amene anafunsa funso lanzeru, ngati matchalitchi akale a ku Blantyre nawonso ali ndi kanthu pansi pa maziko, ndipo anamukhazika chete chifukwa mkulu wa mpingo anali pomwepo akudikira kulowa bawo.

Nkhani ina imene aphunzitsi anasimba ndiyo inandikhalitsa pansi. Ku Denmark kunali mkulu wina wolemera ndi malonda a batala, Lars Emil Bruun, amene anasonkhanitsa ndalama zakale ndi mamendulo pafupifupi 20,000. Pomwalira mu 1923 anasiya wilo yoti chumacho chisagulitsidwe kwa zaka 100, chikhale chodikirira kulowa m'malo ngati chuma chotere cha dziko lake chitapsa kapena kubedwa. Ana ake anamwalira, zidzukulu zinakalamba, chumacho chili chitsekere, mpaka gawo loyamba linagulitsidwa ku Copenhagen mu September 2024. Tayesani kulemba wilo yotere kuno. Bokosi lisanatuluke m'nyumba, atsibweni atenga kale makiyi, akuchimuna akuti malemu anagula makobidiwo asanakwatire, akuchikazi akuti mwana wawo ndi amene ankawapukuta fumbi, ndipo pa tsiku lometa pakhala patatsala kabati yokha, nayonso ili pa ngolo.

Matendawa ali ndi nthambi yake ya ku Joni. Ankolo amene amabwera pa Khirisimasi ndi jumbo ya ma R5 a nkhope ya Mandela, aja anatuluka mu 2008 pokondwerera kuti wakwanitsa zaka 90, amawasunga m'sutikesi yokhoma ndipo ana saloledwa kuyandikira. Ndalama zimenezi zinasulidwa mamiliyoni ambiri kuti anthu azigulira buledi, ndipo imene yadutsa m'manja mwa oyendetsa matakisi a ku Johannesburg mtengo wake ndi R5. Ankolo akuti akudikira nthawi yake.

Amene wapindulapo pa zonsezi, kupatula bambo wa jekete, ndi agogo. Iwo anaona msanga kuti shuga akubwera chifukwa chiyani. Kachitini anakabisa kwa mnzawo wa ku Mvano, ndipo ulendo uliwonse amatulutsa khobidi limodzi lokha, n'kunena kuti ena aja akumbukira mwezi wamawa pamene anawaika. Mdzukulu akamatsanzika amamuuza kuti kukumbukira kumavuta munthu akamamwa tiyi wopanda mkaka.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa, ofuna kufa chifukwa cha khobidi la atsamunda, ndalama zachitsulo za dziko lawo safuna n'kuziona komwe. Tinayamba kusula zathu mu 1964, za nkhope ya Kamuzu, kwacha ndi tambala n'kubwera mu 1971, ndipo lero K1, K5 ndi K10 zachitsulo zilibe mwini. Mupatseni kondakitala, akuyang'anani kuyambira kumutu mpaka ku nsapato n'kufunsa ngati mwachokera ku maliro a nkhuku. Wa m'shopu amakupatsani switi m'malo mwa chenje, koma inu mukabwera ndi switi zomwezo kudzagula machesi sakulandirani. Mwana wa zaka zinayi mukamupatsa amakubwezerani. Ku tchalitchi munthu amaiponya m'mbale akutsokomola kuti kulira kwake kusamveke. Ikagwa pa depoti palibe amene amawerama, chifukwa kuwerama pamaso pa anthu n'kodula kuposa ndalamayo.

A neba anakali ndi chikhulupiriro. Satifiketi ya ku Pretoria akuti yachedwa pa boda ya Mwanza ndipo ikufunika kangachepe kuti idutse. Wakatapila anabwera pa 30 monga anapanganirana. Anamuonetsa makobidi atatu owala aja, namuuza kuti asankhepo limodzi ngongole ithe, chenje asunge. Iye anawatembenuza, anasuzumira pa chiboo, anawabweza mwaulemu, n'kunyamula TV.