Zinyalala Sizitayidwa, Zimasamutsidwa

Pa boma la Chama pali kusesa kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kwa tsiku ndi tsiku, kuja amadzutsira mwana mbandakucha, iye n'kumakwekweza tsache pabwalo maso ali chitsinzire. Kwinako kuli ndi dzina la Chingerezi, general cleaning, ndipo mayi wapakhomo akalitchula Lachisanu madzulo, ana amadziwiratu kuti mpira wa mawa wafa. Wotchula mawuwa sagwira chikolopa. Iye amaima pakhomo, manja m'chiuno, n'kumaloza ndi mlomo.

Ntchito imayambira pabalaza. Mipando imatulutsidwa panja, akuti ipitidwe mphepo, koma amaiyang'anitsa kumsewu kuti odutsa aone kuti muno muli sofa. Pansi amapaka Cobra wofiira, ana awiri n'kugwada ndi nsanza mpaka simenti ionetse nkhope. Mbale za m'kabati yagalasi, zimene chigulireni sizinalawepo ndiwo, zimatsukidwa ndi ulemu wonse n'kubwezeredwa momwemo. Nanga matumba a mpunga, njinga yopanda tcheni, zovala zosachapa ndi wailesi imene bambo akhala akulonjeza kuti akonzetsa? Zonsezo kuchipinda. Chitseko amachikankha ndi phewa, loko khethe, kiyi n'kumumangirira pansonga ya chitenje.

Zinyalala kuno sizitayidwa, zimasamutsidwa, ndipo za kusamutsidwa anthu a ku Chama simungawaphunzitse. Mu 2011 Michael Sata anachotsa boma lonseli m'chigawo cha Kum'mawa n'kuliika ku Muchinga, mu 2021 Hakainde Hichilema n'kulibweza, popanda nyumba ngakhale imodzi yosuntha. Masamba a mango amayendanso ulendo womwewo. Amake Chisomo amasesa mwaluso mpaka pamalire, mulu n'kuukankhira pang'ono mbali ya aneba. Kukacha, amake Taonga amaubweza mwaluso lomwelo. Akakumana pampopi palibe ndewu.

"Mwadzuka bwanji, amake Chisomo? Koma mphepo ya chaka chino!"

"Musanene, anzanga. Yachita kuphunzira kuunjika masamba bwinobwino."

Dzala lilipo kuseri kwa nyumba, koma linadzaza kale, ndipo kukumba lina ndi ntchito ya bambo, amene pa tsiku la general cleaning amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano kutchalitchi.

Dziko nalo linayesapo. Levy Mwanawasa anakhazikitsa kampeni yoyeretsa Zambia mu 2007, ndipo Edgar Lungu anaidzutsanso mu 2018, kolera atasautsa mzinda wa Lusaka. Cholinga chinali chabwino, nthenda ija si yoseka nayo. Koma onani mmene akuluakulu ena amalemekezera tsiku loyeretsa: amatsika m'galimoto atavala magambutsi osadetsedwa, amalandira tsache latsopano, amasesa malo oyera kale mpaka wojambula anene kuti zatheka. Tsachelo limabwerera kwa mayi wogulitsa tomato amene amasesa pamenepo m'mawa uliwonse popanda womuika pa Facebook.

Mdani weniweni ndi fumbi. M'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala dothi limachita kuuluka lokha, ndipo galimoto imodzi yochokera ku Lundazi ikadutsa, Cobra yense uja wavala bulangete. Ndiye ana amaletsedwa kulowa m'nyumba, mawindo amatsekedwa, banja lonse limadyera nsima panja, likulondera pabalaza popanda munthu.

Dzuwa litapendeka, apongozi aakazi a amake Chisomo atulukira kuchokera kwa Tembwe, kathumba ka mtedza kali pamutu. Avula patapata pakhomo, aponda pa Cobra, aterereka pang'ono, agwira khoma. Sofa ayang'ana, akana.

"Mundiyalire mphasa pansi pa mango, mwananga. Muno mukutentha."

Mbale za m'kabati sazionanso n'komwe, chifukwa madzi apempha a m'chikho. Acheza, adya, afunsa za adzukulu. Kenaka ayasamula, agwira msana.

"Njinga yamoto ija yandiswa thupi lonse. Ndikagoneko pang'ono kuchipinda."

Amake Chisomo agwira pansonga ya chitenje, ayang'ana ana, ana ayang'ana kumwamba.

"Pepani amayi, kiyi apita naye bambo ake Chisomo kutchalitchi."

"Palibe kanthu," atero apongozi, akukhazikika bwino pamphasa. "Ndiwadikira. Ndabwera kudzakhala mwezi."