Nkhalamba Yokongola ya ku Abingdon

Munthu amene mtima wake wakhumbira galimoto ya MGB, ija inkapangidwa ku Abingdon m'dziko la England kuyambira 1962 kufikira 1980, ngakhale penti inyezimire chotani, asanatulutse ndalama ayambe wagwada pansi ndi kugogoda chitsulo cha m'munsi mwa zitseko, pakuti kumeneko ndiko dzimbiri limamanga mudzi wake. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akaigula, adzazindikira kuti nyali zake za kampani ya Lucas zimawala pamene zafunira zokha, ndiponso kuti oyilo wodontha pabwalo ndiye umboni wakuti mu injini akadalimo. Inu mabwana okonda zakale, lemekezani makaniko wanu, pakuti iyeyo ndiye adzadya cholowa cha ana anu.