Kanati kamene kangotha dzulo

Wogulitsa mu hadiweya ya m'tawuni angakukongozeni simenti, angakupatseni mpando, koma mawu oti "sindikukadziwa" sangatuluke pakamwa pake. Ofuna kutsimikiza apite akafunefune kanati kaja kolowetsa m'thabwa, kamene kamachititsa kuti mwendo wa tebulo kapena mutu wa bedi uzimangidwa ndi bawuti n'kumamasulidwa tsiku losamuka.

Kachitsuloka n'kafupi, kobowoka pakati, ndipo kali ndi mazinga kunja ndi m'kati. Akunjawo ndi akuluakulu, oluma thabwa. Am'katiwo ndi olandira bawuti. Mmisiri amabowola thabwa, n'kukapotokolera momwemo ndi Allen key mpaka kabisale. Nkhani yake ndi yomweyo. Koma kaifotokozeni pa kauntala!

Mnyamata wa m'sitolo amayamba kugwedeza mutu musanafike n'pakati pomwe. "Ee bwana, timakhala nato." Alowa kuseri, agubuduza makatoni kwa mphindi zingapo, n'kutuluka ndi nati wamba. Mukakana, abweretsa T-nut, ija ya mano yokhomera ndi hamala kumbuyo kwa thabwa. "N'chimodzimodzi, madala." Mukamufunsa kuti kumbuyo kwa mwendo wa tebulo ndi kuti, amayang'ana kudenga ngati wophunzira amene funso lamuthawa, kenako nkhope iwala. "Ooo, timeneto! Tangotha dzulo. Mubwere Lachisanu." Katundu amene sanalowepo m'sitolomo chiitsegulireni, ndi yemweyo amene amatha dzulo.

Panja akudikirani a dobadoba. Kaya ndi ku Malangalanga ku Lilongwe kaya ndi ku Limbe, khalidwe lawo ndi limodzi. "Abigi, mukusowa chani? Ndipatseni sampulo, inu khalani pamthunzi." Munthuyo alowa m'sitolo yomwe mwangotulukamo, atulukira khomo lina, azungulira msika, n'kubwera ali thukuta kamukamu atanyamula hinji ya chitseko. Ya Fanta mumupatsabe, poti wathamanga.

Tsiku limene mwatipeza tinatito ndiye samalani zedi ndi masayizi ake. M6 ndi bawuti ya mamilimita 6, ndipo mazinga ake amatalikirana milimita imodzi. M8 ndi ya mamilimita 8. Ndiye pali ina ya mainchi, yotchuka pa katundu wochokera ku America, ya kota ya inchi, yomwe ndi mamilimita 6.35, mazinga 20 pa inchi. Pongoyang'ana, iyo ndi M6 ndi mapasa. Mukazilowetsana zimayamba bwinobwino, kenako gwa! Wogulitsa sasowa chonena: "Mukathire ka oyilo, ilowa." Pamwamba pa mutu wake pali chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Nalo thabwa lili ndi zofuna zake. Paini wa ku Chikangawa ndi wofewa, amafuna bowo lothina kuti mazinga agwire. Mlombwa ndi mbawa n'zolimba. Bowo likachepa, thabwa ling'aluka kapena kanati ka zinki kathyokera momwemo, n'chifukwa chake pa mitengo yotereyi ka chitsulo cholimba ndiye kabwino. Izi pa kauntala sanena. Amangoti, "N'toyambirira, ta ku Joni."

Mmisiri wa m'mbali mwa msewu, pensulo ili pakhutu, zonsezi amaziona ngati matama a anthu ophunzira. "Akulu, kodi msomali wa folo inchi unakulakwirani chani?" Yankho limabwera kumapeto kwa mwezi, lole itaima pakhomo, alandilodi atapinda manja, bedi litakana kutuluka pa chitseko. Aneba onse amasanduka mainjiniya: wina akuti lipendeketseni, wina akuti chotsani felemu, mpaka wina abwera ndi hamala.

Choncho mukamapita kokagula, tengani bawuti yanu m'thumba, muilowetse mu kanatiko mpaka kumapeto musanatulutse ndalama. Koma bawutiyo musapatsire a dobadoba, angakugulitseni yomweyo.