Waya wa lamya uja ankanyamulanso intaneti?

Kodi zimatheka bwanji kuti waya mmodzi yemweyo anyamule mawu a munthu ndi intaneti nthawi imodzi, zinthuzo osasokonezana? Ambirife kuno ku Mbedza, mumzinda wa Zomba, intaneti tinaidziwira pa foni ya m'manja. Umagula mayunitsi pa okala, n'kugula bandulo, ikatha basi wakhala. Ndiye nditamva kuti m'maiko ambiri intaneti inkalowa m'nyumba za anthu kudzera pa waya wa lamya yapansi, njira yomwe amaitcha DSL, ndiponso kuti kuno kwathu kampani ya MTL inkagulitsa intaneti yotere, mutu unandiima.

Ndinakafunsa bambo wina wachikulire amene kale ankakwera mapolo kukonza malamya. Ndinati, "Bambo, mundikhululukire, mwina funso langali ndi lachibwana. Intanetiyo imadutsa pati, poti wayayo ndi wa mawu?"

Anandiyankha modekha kuti mu chingwe cha lamya mumakhala timawaya tiwiri ta kopa, ndipo mawu a munthu amangotenga kagawo kochepa zedi ka zimene timawayato tingathe kunyamula. Malo otsalawo ndi amene intaneti imadutsamo. Pakhoma pamene waya walowera amaikapo kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kotchedwa splitter, kokhala ndi mabowo awiri: lina la lamya, lina la modemu. Ukakaiwala kabokosiko, lamya imachita phokoso, ndipo intaneti imaduka wina akangoimba.

Anatulutsa modemu yakale m'kabati, yafumbi, yothothoka kumakona. Kutsogolo kwake kunali timagetsi tinayi. Ananditengera chala changa n'kumaloza kamodzikamodzi. Koyamba kamangosonyeza kuti magetsi alowa. Kachiwiri, kolembedwa DSL, kakamaphethira osakhazikika, ndiye kuti modemu sikumvana ndi makina a ku ekisichenji, kumene mawaya a malamya amakathera, ndipo vuto lili pa waya. Kachitatu, ka Internet, kakafiira pomwe kachiwiri kaja kali bwino, waya alibe mlandu. Mwina pasiwedi yalakwika kapena mwezi sunalipiridwe. Kachinayi ndi ka Wi-Fi ya m'nyumba momwemo. "Usanaitane munthu, mwana wanga," anatero, "yamba wanyamula lamya umve ngati ikulira. Kenako zimitsa modemu, dikira pang'ono, yatsanso."

Zimenezi zinandisangalatsa, chifukwa netiweki ya foni yanga ikavuta sindiona chimene chalakwika. Ndimangotuluka panja, kukweza foni m'mwamba, kuyang'ana cha kuphiri.

Koma ndiye bwanji nyumba ziwiri za DSL zolipira mofanana zimalandira liwiro losiyana? Akuti ndi mtunda. Mphamvu ya uthengawo imachepa waya akamatalika, ndipo ukapitirira makilomita ngati 5 kuchokera ku ekisichenji, palibenso chimene ungapeze. Mtundu woyamba wa DSL wa m'nyumba, ADSL, unkafika pa 8 Mbps, ndipo ADSL2+ pa 24 Mbps, koma liwiro limenelo ndi la amene ali pafupi. Komanso kulandira zinthu kumafulumira kuposa kutumiza. Ndiye wokhala pakati pa tauni ndi wokhala kumtunda cha ku Chawe, kodi n'chilungamo kuti alipire ndalama imodzi? Nanga mvula ya kuno, imene imagwa yambiri chonchi chifukwa cha phiri la Zomba? Bambo aja anavomera kuti madzi akalowa pamene mawaya alumikizana, kopa amachita nguwe ndipo liwiro limatsika. Mphenzi nayo imatsata waya mpaka kukaotcha modemu m'nyumba. Chinanso, lamya yakale inkagwirabe ntchito magetsi akazima chifukwa mphamvu inkachokera ku ekisichenji, koma modemu imafuna magetsi a m'nyumba.

Funso limene landivuta kwambiri ndi lakuti, mawayawo anapita kuti? Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975. Kuno kuli yunivesite ku Chirunga, kuli asilikali ku Cobbe Barracks, kuli National Statistical Office. Tauni yotere inali ndi malamya kalekale. Mpaka 2000 makalata ndi malamya zinali m'manja mwa bungwe limodzi la boma, kenako analigawa pawiri, MTL n'kutenga malamya, ndipo patapita zaka zochepa inagulitsidwa, Press Corporation n'kukhala mwini wamkulu. Koma nthawi imeneyo n'kuti mafoni a m'manja atafika kale: TNM, kenako Celtel mu 1999, yomwe inadzakhala Zain n'kudzakhalanso Airtel mu 2010. Anthu anathamangira foni yoyenda nayo m'thumba. Mbava nazo zinkadula mawaya usiku n'kukagulitsa kopa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo nyuzipepala zalemba za kubedwaku kwa zaka zambiri.

Apa mtima umandipweteka. Wodulayo ndi mmodzi, koma otsala opanda lamya ndi mudzi wonse. Nanga wogula kopa wootchedwa, wakuda ndi utsi wa pulasitiki, samafunsa kuti wachokera kuti? Amaona bwinobwino kuti si wa m'munda.

Tsono za mtengo. Pa intaneti ya waya munthu amalipira zolumikizira kamodzi, kugula modemu, kenako ndalama ya pamwezi, ndipo nyumba yonse imagwiritsa ntchito. Ife timagula pang'onopang'ono, aliyense payekha: bambo bandulo yawo, mayi yawo ya WhatsApp, mwana wa ku sekondale kupempha ya tsiku limodzi. Zili ngati madzi a ku damu la Mulunguzi: wina ali ndi mpopi pakhomo, wina akugula ndowa imodziimodzi, ndipo wa ndowayo ndi amene amalipira zambiri pa lita. Kodi n'chifukwa chiyani wosauka ndiye amagula modula? Ndipo chinthu chimene ndagula ndi ndalama yanga chimatha bwanji nthawi ndisanachigwiritse ntchito?

Zifukwa zina ndimazimva. Dziko lathu lilibe doko, ndiye intaneti imachokera ku zingwe za pansi pa nyanja yamchere zofikira ku Dar es Salaam ndi ku Mozambique, ndipo oidutsitsa amafuna madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse zogula kunja zinakwera. Pamwamba pake pali misonkho, VAT ndi wina wapadera wa pa data. Mu 2020 anthu anadandaula kwambiri pansi pa mfuwu wa Data Must Fall, ndipo mitengo ina inatsikako. Starlink inafika mu 2023, koma ndi mabanja angati ku Mbedza angagule mbale yakeyo?

Masiku ano akuti kopa walowedwa m'malo ndi fibre, chingwe cha galasi chonyamula kuwala, chomwe mtunda wa m'tauni suchifooketsa ndipo mulibe chitsulo chokagulitsa. Chingwecho chinafika kale m'mizinda yathu. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, loti lizifikitsa mauthenga kumene malonda okha safikako. Ndikufunsa akuluakulu a thumba limeneli: kodi dera ngati Mbedza, lomwe lili mumzinda koma m'nyumba zambiri mulibe intaneti ya waya, mumaliwerengera m'gulu la ofikiridwa kale, kapena la odikira?