Dzuwa Lakulakwirani Chiyani?

Adzukulu anga nonse a kuyunivesite, ikani mafoni pansi, khoti layamba. Woweruza ndine, mboni ndine, ndipo apilo kulibe. Mlandu wanu ndi woyatsa magetsi masana, dzuwa likuswa mtengo.

Musapukuse mitu, ndinakuonani ndi maso angawa. Mumalowa m'chipinda 10 koloko m'mawa, woyamba nkukoka katani, ati kuwala kukumutchinga pa laputopu. Wachiwiri nkuyatsa babu, ati kwada. Wachitatu nkuyatsa fani, ati mpweya wachepa. Kenako nonse atatu nkutuluka kukagula vitumbuwa, zonsezo zili chiyakire. Ndiye mundiuze kuti mukuphunzira za kusintha kwa nyengo!

Kodi mumayesa magetsi amabadwira m'khoma? Ochuluka a Zambia amachokera m'madzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti chilala ndi tsoka la dziko. Kariba inaphwera, ndipo chaka chomwecho madera ena ankatha maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Munalira ngati pamaliro chifukwa mafoni anazima. Kuno ku Chongwe mvula ndi yochita kupempha. Mumaona pa mwambo wa Chakwela Makumbi, Asoli ndi mfumu yawo yaikulu Nkomeshya Mukamambo II akuipempha kwa makolo. Madzi opempha chogwada, inu nkumawaotcha pa babu masanasana.

Chalimbana yathuyi inayamba kusula aphunzitsi mu 1939, ndipo dzina la yunivesite yalitenga mu 2013. Omanga masukulu a zaka zoyambirirazo sankadalira waya, ankayamba ayang'ana kumwamba. Ife tili kumwera kwa equator, choncho mu June ndi July dzuwa limapendekera kumpoto, pamene mu October limadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Wanzeru amagoneka kalasi kuti makoma aataliwo, a mazenera, ayang'ane kumpoto ndi kumwera. Amatulutsa denga, apo ayi amaika khonde, kuti dzuwa la mu October lithere pamenepo, m'katimo mungolowa kuwala kofewa. Mazenera amawaika mbali zonse ziwiri, ndipo amawakweza, pakuti kuwala kumalowa mtunda wa pafupifupi kawiri kutalika kwa zenera kuchokera pansi. Akatha amapaka njereza kukhoma ndi kudenga, kuti kuwalako kufike kwa mwana wokhala pakati pa kalasi. Njereza, adzukulu, yotchipa ija mumainyoza.

Tsono wina mwa inu, sindimutchula koma akudzidziwa, anandionetsa pulani yake ya laibulale: galasi lokhalokha kuyambira pansi mpaka kudenga, loyang'ana kumadzulo. Ndinamufunsa ngati akufuna kuyanikamo kapenta. Dzuwa la 3 koloko likadzalowa mmenemo, owerenga adzatseka makatani onse, adzayatsa nyale, adzapempha makina oziziritsa, ndipo bilu ya magetsi ya Zesco idzakula kuposa malipiro a woyang'anira mabuku. Anayankha kuti zikuoneka zamakono. Ee, zamakono. Amene mudzamange ku Palabana, ku Chalimbana kapena kwina kulikonse, kumadzulo muzidzasiya khoma, apo ayi mubzale mtengo.

Musandiyese wodana ndi zatsopano. Ine ndinakulira pa koloboyi, m'mphuno muli bii ndi mwaye, ndipo sindimufunanso. Babu lakale lija lotentha nalonso lipite. Pa mphamvu khumi zimene limadya, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimasanduka kutentha, nchifukwa chake boma linaletsa kulowetsa mababu otere m'dziko. Tengani cholembera, popeza masamu mumati ndi anu. Babu la mawati 60 limatha yuniti imodzi maola 17 asanakwane. La LED la mawati 9 limawala mofanana nalo, koma yuniti yomweyo limayenda nayo maola oposa 110. Werengani mababu a mu hositelo imodzi, m'makhonde, m'mabafa, m'zipinda, muone ndalama zimene zikadagula mabuku. Koma LED yoyaka m'chipinda mopanda munthu ikadali mbava, yangokhala yodya pang'ono.

Ndamvanso kuti kuli timakina toikidwa kudenga, tozimitsa nyale tikaona kuti anthu atuluka, ndi tina tochepetsa kuwala dzuwa likakwanira. Nzabwino, aziika, makamaka m'makalasi akuluakulu ndi m'zimbudzi. Kungoti ndikumva chisoni kuti mbumba yanga yafika poti chala chotha kukanda foni usiku wonse chikulephera kudina switchi pakhomo, mpaka akatswiri akhale pansi kuganiza zochithandiza.

Chigamulo ndi ichi. Tebulo lowerengera lisunthidwe lero, lifike pazenera, kuwala kuzibwera cham'mbali kuti laputopu isanyezimire. Magalasi a mazenera atsukidwe, chifukwa fumbi la mu August lakhalapo mpaka mbuzi ingabzalepo msipu. Wotuluka pomaliza ndiye wozimitsa. Wopezeka wolakwa adzagula mayunitsi a mwezi wathunthu ndi ndalama yake ya mabando, ndipo amake akadzabwera kudzamupepesera, nawonso adzalipira nkhuku.