Kuumira baiti imodzi

Ine ndine woumira, ndipo matendawa ndidalowa nawo mpaka mu pulogalamu. Kuseri kwa nyumba timaweta anapiye. Pofuna kuonetsa kuti sukulu sindidapitire pachabe, ndidalumikiza ESP32, kachipangizo kokhala ngati kakompyuta, ku sensa ndi ku babu lotenthetsa m'khola, kuti iziyatsa ndi kuzimitsa yokha, n'kumandiuza pa foni kudzera mu CoAP.

Mu CoAP chilichonse chimene kachipangizo kakupereka chimakhala resource, chokhala ndi adiresi yakeyake. A IPSO, amene adaika manambala a ma resource otere, adatiyalira kale mphasa: sensa ya kutentha ndi 3303, chimene yawerenga chimakhala pa 5700, ndipo chimasungidwa ngati float. Ine nditaona kuti float ikudya mabaiti 4, mtima udandipweteka. Mu struct yanga ndidalemba uint8_t, baiti imodzi basi, n'kuchulukitsa madigiri ndi 10 kuti nambala ya pambuyo pa kadontho isatayike. Usiku umenewo ndidagona ndikudzitama.

Baiti imodzi imathera pa 255, kutanthauza madigiri 25.5. Anapiye a sabata yoyamba amafuna kutentha kwa cha m'ma 33. Tsono 330 ikakanika kulowa, imazungulira n'kutsala 74. Kachipangizo kadaona 7.4, kadati anapiye akufa ndi chisanu, babu osazimanso.

M'bandakucha mayi a kunyumba adandigwedeza.

"Bambo a ana, anapiye athawa babu. Aunjikana kukhoma, kukamwa yasa, mapiko tambalale."

"Mayi, foni ikuti kukuzizira," ndidatero ine katswiri, ndili m'bulangete.

Sadandiyankhe. Adangopita kukazula pulagi, kutsegula chitseko cha khola ndi kuwonjezera madzi. Pobwera adandifunsa mwaulemu wonse ngati mayunitsi a magetsi agulenso ndi foni yomweyo.

Chimene sindidawauze mpaka lero ndi ichi. ESP32 ili ndi RAM yokwana 520 KB, ndiye palibe amene adandipempha kuti ndisunge kalikonse. Komanso pansi pa uint8_t ija ndidaika uint32_t yosunga nthawi. Compiler imafuna kuti nambala yotere iyambire pa adiresi yogawika ndi 4, choncho idasiya mabaiti 3 opanda kanthu pakati pawo. Nditafunsa sizeof, idandiuza kuti struct yanga ndi mabaiti 8. Ndikadaika float, ikadakhalanso 8.